A Theka ndi Batire Lawo Losagona ndi Njala

Pa Thuchila panali bambo wina amene ankazimitsa nyimbo ili pakati. Sikuti inkawanyansa, ayi. Mwinanso inali nyimbo yomwe eni akewo ankaikonda, mutu ukugwedera, maso atatsinzina. Koma nthawi yawo ikakwana ankangotambasula dzanja, thi! Anthu miyendo ili m'mwamba, fumbi lili koboo, kenaka zii, kumangomveka nkhuku kuseri kwa nyumba. Dzina lawo la ubatizo anali a Pilato Namakhwa, koma kuchokera pa Nkando mpaka ku Likhubula aliyense ankawadziwa kuti a Theka. Akuluakulu olankhula Chilomwe ankaseka kawiri, poti kwathu otheka ndi mowa, pamene munthuyo sanaulawepo chibadwire.

Ine ndine Elson, telala. Makina anga akhala pakhonde la sitolo moyang'anana ndi nyumba yawo kuyambira ndili ndi tsitsi lonse, choncho zimene ndikunenazi sindinachite kumva kwa munthu.

A Pilato anagwira ntchito zaka zambiri pa mishoni ina, kuthandiza Bulazala wa ku Holland kulumikiza mawaya ndi kukonza mipope. Pobwerera kwawo mu 1984, Bulazalayo anawasiyira zinthu zinayi: sola imodzi yotalika ngati chitseko cha khitchini, chinkuzamawu cha lipenga lotuwa, kawayilesi ka makaseti, ndi batire. Nthawi imeneyo sola inali chinthu chachilendo. Anthu ankachoka kutali kudzaiona, amayi ena n'kumadziyang'anirapo nkhope pokonza duku. Koma mtima wa a Pilato unali pa batire. Linali lakuda, lolemera ngati thumba la chimanga losadzaza, ndipo ankakwiya munthu akalitchula kuti la galimoto.

"La galimoto ndi wothamanga mtunda waufupi," ankatero. "Likuwa kamodzi m'mawa, basi lapuma. Langali mbale zake za m'kati n'zochindikala. Ili ndi la ulendo wapansi."

Linali ndi chipinda chakechake, pathabwa, pamthunzi, zenera lotsekula. Mayi Sabina, akazi awo, ankati m'nyumba muja muli akazi awiri, ndipo wamkulu ndi uja wosalankhulayo. Madzi linkamwa a mvula okha, otchera m'mbale yagalasi pakati pa bwalo, osadutsa padenga. Ndiye panali kachipangizo kamene a Pilato sankasiyana nako: kagalasi konga jekeseni wa ng'ombe, kampira kofinya kumutu. Ankayamwitsa madzi a m'batire, ndipo m'kati munkayandama kachitsotso ka mizere itatu, wobiriwira, woyera ndi wofiira. Batire likakhuta kachitsotso kankayandama m'mwamba, madzi n'kulekezera pobiriwira. Likayamba njala kankamira pang'onopang'ono. Madzi akangokhudza poyera, a Pilato thi!

"Dzina mwandipatsali ndi labodza," anandidandaulira tsiku lina. "Theka ine sindifikako. Ndimadya gawo limodzi mwa magawo anayi. Theka ndi la tsiku la mavuto."

"Nanga zotsalazo mukusungira yani, alamu?"

"Sindikusungira munthu. Ndikusungira batire lomwelo. Iwe Elson, chitsime cha m'dambo ukatunga mpaka kukanda matope, chimatani?"

"Chimagumuka."

"Eya. M'katimu muli mbale za mtovu. Ukalikama mpaka pansi zimanyenyeka, fumbi lake n'kumagwera pansi. Ukaligoneka ndi njala zimamera chipere choyera chosachoka. Koma ukamatapa pamwamba pokha, n'kulibwezera tsiku lomwelo, lidzakuona imvi. Lokamidwa mpaka pansi silidya Khirisimasi ziwiri."

Chimene ndinkakonda ine chinali cha m'mawa. Dzuwa kwathu kuno limachedwa, limayamba lakwera kuseri kwa phiri. A Pilato ankatulutsa sola, kuipukuta ndi kansalu kamene ndinawasokera, n'kukhala pampando wandalema kudikira. Khoma lamwala la Chambe, nsonga ina ya phirilo, limayamba lakuda, kenaka lotuwa, kenaka kuwala kumatsetsereka nalo ngati munthu akuthira uchi pamwala. Kukafika pa sola paja, iwo ankapuma mpweya wautali ngati amwa iwowo. Tsiku lonse ankaitembenuza pang'onopang'ono kutsatira dzuwa, ndipo pakatipo ankangoyang'ana mitambo, kuipatsa maina. Wina ankati ndi wakuba, wina mlendo wongodutsa. Chiperoni, kamvula ka nkhungu kochokera ku Mozambique kaja, ankati ndi apongozi: sungawathamangitse, umangodikira atope okha.

"Ukudziwa kuti nyimbo imene anthu avine Loweruka ndi dzuwa la lero?" anandifunsa Lachinayi lina, ndikudula kolala. "Lalowa m'bokosimo, lagona, Loweruka lidzuka lili ndi magitala."

"Nanga mawu a abusa Lamulungu?"

"Amenewo ndi dzuwa la Lachisanu. N'chifukwa chake amatentha."

Khalidweli linalowerera m'zonse. Kumunda ankaweruka thukuta lisanafike m'chiuno. Nyemba za kalongonda ankazisiya m'mbale akadazifuna. Ngakhale mkangano ndi mayi Sabina ankaudula pakati. Tsiku lina tinamva mawu akukwera m'nyumba muja, nkhani ya mbuzi imene inadya chinangwa cha eni ake, kenaka a Pilato anatulukira pakhomo dzanja lili m'mwamba.

"Sabina, tafika poyera. Tilekeze pomwepa, mawa tipitiriza."

"Ine sindinathe!"

"N'chifukwa chake ndikuti tilekeze. Ukatha lero, mawa udzanditukwana ndi chiyani?"

Mayi Sabina anayesa kusunga nkhope, koma inawathawa, anaseka mpaka kukhala pansi pakhonde. Anakhala m'banja zaka makumi atatu ndi mphambu, ndipo mkangano wa mbuzi uja sunathe mpaka lero.

Wopikisana nawo anali Spencer, mnyamata wa botolositolo, wa nsapato zosongoka. Iye anakagula sola ndi batire la mtundu womwewo ku Limbe, n'kupachika sipikala pamtengo wa mango. Nyimbo zake zinkayamba tambala asanatsike, n'kumalira mpaka woimbayo ayambe kukoka mawu ngati ng'ombe yodwala.

"Madala, batire ndi kapolo," ankawauza a Pilato. "Ligwire ntchito!"

"Mosheliwa, Spencer," ankangoyankha moni wa Chilomwe, maso ali kumitambo.

Batire loyamba la Spencer linatha chaka ndi miyezi iwiri. Lachiwiri silinafike n'komwe pamenepo. Lachitatu linasankha tsiku labwino lofera: m'mawa wa ukwati wa Spencer yemweyo ndi Janeti, mwana wa akapitawo a ku esiteti ya tiyi. Tinamuona mkwati, suti yomwe ndinasoka ine ili pathupi, akuwoloka msewu mutu uli pansi.

"Madala, ndagwira mwendo wanu."

"Kapolo uja watani?"

"Wathawa ntchito."

"Sanathawe. Mwamupha. Ndibwera, koma malamulo ndi anga."

Anabweradi, batire lili pa wilibala atayalira bulangeti. Nyimbo zinalira bwino kuposa mmene Thuchila inamverapo. Cha m'ma folo koloko, Janeti atangolowa m'bwalo, azakhali ake akulululutira, a Pilato anakweza kagalasi kaja kudzuwa, kukayang'ana ngati dokotala, thi! Mkwatibwi anaima mwendo umodzi uli kutsogolo. Spencer anagwada pafumbi, suti yanga yomweyo.

"Nyimbo imodzi yokha, madala!"

"Imodzi yokha ndi imene inapha atatu aja."

Amayi a kuchikazi sanadikire. Wina anagubuduza ng'oma m'nyumba, gule wa tchopa anayambika, ndipo anthu anavina mpaka dzuwa kulowa. Ambiri amati ukwati umene uja ndi umene unakoma kuposa onse, koma Spencer sanavomerepo.

Nkhani imene inatiumitsa pakamwa inali ya atcheyamani. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo msonkhano ukaitanidwa msika unkatsekedwa, aliyense n'kukakhala padzuwa. Atcheyamani a dera lathu, a Lyson, anali munthu wosaipa mtima, koma akagwira cholankhulira ankaiwala kuti anthu ali ndi matako. Tsiku limenelo anayamba naini koloko. Pofika masana anali asanamalize kulonjera alendo. Ine ndinakhala pafupi ndi a Pilato, amene anabweretsa lipenga ndi batire, ndipo ndinaona kagalasi kakutuluka m'thumba.

"Alamu," ndinanong'ona, "lero lokha ayi."

"Batire silidziwa tcheyamani."

A Lyson anali atangonena kuti, "Ndipo chachitatu, amayi ndi abambo, chimene ndikufuna mumvetsetse ndi chakuti..." Thi!

Sindinamvepo bata lotere. Pakamwa pa atcheyamani pankayendabe, koma mawu ankathera pamphuno pawo. Palibe anaseka, palibe anatsokomola. Anyamata a chipani a malaya ofiira anawanyamula a Pilato m'khwapa, mapazi osagunda pansi. Mayi Sabina anathamangira kunyumba kukamanga bulangeti ndi makaka a chinangwa ophika, poti masiku amenewo wotengedwa motero sunkadziwa kuti abwera liti, kapena ngati abwera n'komwe.

Ine anandiitana ngati mboni. Ndinapeza a Pilato atawakhazika pansi mu ofesi, a Lyson akuzungulira tebulo.

"Wakutuma ndani kuti unditseke pakamwa?"

"Palibe, bwana. Koma ndisanayankhe zambiri, mnyamata mmodzi akatembenuze sola ija. Dzuwa lapendeka."

"Ukudziwa kumene ungagone lero?"

"Ndikudziwa, bwana. Koma taonani kuno." Anatulutsa kagalasi kaja. "Mawu anu ndi olemera, si ofanana ndi nyimbo za achinyamata. Mukalankhula mpaka pofiira apa, batire lifa, ndipo mwezi wa mawa kukubwera alendo akuluakulu a ku boma. Mudzawalandira ndi pakamwa pokha ngati wogulitsa nthochi? Pa Thuchila palibenso lina. Funsani Spencer."

A Lyson anatenga kagalasiko, kukatembenuza uku ndi uku.

"Ukuti mawu anga ndi olemera?"

"Kachitsotso kanachita kumira ndikuona, bwana."

Atcheyamani anakhala pansi pang'onopang'ono, nkhope ikumasuka. Madzulo omwewo a Pilato anabwerera kwawo wapansi, n'kudya makaka a m'bulangeti aja pakhonde. Kuyambira pamenepo a Lyson ankalankhula diso limodzi lili kwa a Theka, ndipo akaona dzanja likulowa m'thumba ankathamangira ku mawu otsiriza. Misonkhano yathu inafupika mpaka mbiri inafika ku madera ena kuti pa Thuchila pali tcheyamani wanzeru, wodziwa kulemekeza nthawi ya alimi. Anthu a ku Nkando ankachita kubwereka a Pilato mwakachetechete.

Batire lija linafika chaka chachisanu ndi chiwiri lili ndi mphamvu ngati mnyamata. Kenaka inafika Malichi wa 1991, pamene Napolo anatsika m'phiri la Michesi, madzi ndi miyala n'kukokolola midzi ya ku Phalombe. Mvula inali itagwa masiku angapo osakata. Ife tinadziwa poona anthu akutulukira pamsewu, matope mpaka m'tsitsi, ena osavala bwino, aliyense akufunsa funso limodzi: kodi mwaonako wakuti?

M'mawa mwake ndinapeza a Pilato akumangirira batire pa kaliyala wa njinga. Lipenga anali atalipachika pa handulo. Sola anaisiya m'nyumba, poti kumwamba kunali kotseka ngati chivundikiro cha mphika.

"Alamu, mukupita kuti ndi mvula imeneyi?"

"Gwira kumbuyoku, Elson. Usafunse zambiri."

Tinakankha njinga ija tsiku lathunthu. Milatho ina kunalibe, tinkachita kusenza batire pamutu, madzi ali m'chiuno. Munthu amene sankalola kuti batire lake ligwedezeke pa wilibala anangoti, "Pepa, pepa," nthawi iliyonse likagunda mwala.

Tinafika pa sukulu ina ya pamtunda pomwe panasonkhana anthu mazanamazana. Kunali kulira, koma koposa kulira kunali kuitana. Aliyense ankafuula dzina la wake, maina n'kumaphana okhaokha m'mwamba, osamveka ndi limodzi lomwe. A Pilato anakoleka lipenga pamtengo wa mbendera, kulumikiza mawaya, n'kuyesa mawu.

"Tamverani kuno. Tiziitana mmodzimmodzi. Amene wasowa wake abwere andiuze dzina ndi mudzi."

Mzere unatalika mpaka kuseri kwa makalasi. A Pilato ankatchula dzina katatu, mofatsa, m'Chichewa ndi m'Chilomwe, n'kudikira. Nthawi zina kunkangoti zii. Nthawi zina kumapeto kwa bwalo munthu ankakuwa, anthu n'kupatuka, awiri n'kuthamangirana. Ndinaona bambo wamkulu wandevu akugwa pansi atamva dzina lake lomwe likutchulidwa ndi lipenga, poti ankayesa kuti onse omudziwa apita.

Tsiku lachiwiri masana ndinawakumbutsa, mwa chizolowezi chabe.

"Alamu, simunayeze."

Anatulutsa kagalasi, kuyamwitsa madzi. Kachitsotso kanali katamira kupitirira poyera. Anakayang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana kumwamba, kopanda ngakhale kachibowo ka dzuwa. Anayang'ana mzere wa anthu. Kenaka anandipatsa kagalasiko.

"Sunga m'thumba mwako. Ndikakapempha usandipatse."

Tsiku lachitatu mawu a lipenga anayamba kuchepa. M'mawa ankafika kumsewu, masana ankalekezera pakati pa bwalo. Chakumadzulo panafika mayi wina wachitsikana, dzina lake Esteri, maso atatupa moti sankaona bwino, chitenje chili chong'ambika. Ankafuna mwana wake Lettie, wa zaka zinayi, amene madzi anamulanda m'manja. Anali atayenda m'misasa itatu.

A Pilato anaika pakamwa pa cholankhulira. "Lettie, mwana wa Esteri, wa kwa Nampinga." Lipenga linangonong'ona ngati munthu wodwala chifuwa. Kachiwiri linakhosomola. Kachitatu silinatulutse kanthu.

Koma amene anaima pansi pa mtengo wa mbendera anali atamva. Mmodzi anatembenuka n'kufuula dzinalo kwa a kumbuyo kwake, awo n'kupatsira ena. Anthu anali ataphunzira kuitana dzina limodzi pa nthawi imodzi. Tinalimva likuyenda, Lettie mwana wa Esteri, Lettie mwana wa Esteri, kudutsa bwalo, kutsika kumsewu, mpaka kuzimirira cha kutchalitchi cha kutsidya, komwe kunali msasa wina. Dzuwa lisanalowe kuseri kwa mitambo yake, tinaona gogo wina wamwamuna akukwera mtunda, kamwana kali pamapewa. Anakatola pa nthambi za mkuyu tsiku la madzi lija, ndipo kanali kasanalankhule chilichonse kufikira pamene kanamva dzina lake m'kamwa mwa anthu osawadziwa.

Za mmene Esteri anachitira sindinena, mawu ake ndilibe. A Pilato sanapiteko. Anakhala pansi pambali pa batire, dzanja lili pamwamba pake, ngati mmene umagwirira mnzako pamaliro.

Tinabwerera patapita masiku ena awiri, batire lili ndi njala yomweyo. Dzuwa litatuluka analiika pa sola sabata yathunthu. Kachitsotso kanakwera pang'ono, n'kukana kupitirira. Lamulungu linaimba ndime imodzi ya nyimbo ya m'buku, n'kutha mawu lokha, popanda dzanja la munthu. Linali lokalamba kale, ndipo njala ya masiku asanu pamodzi ndi mabampu a ulendo uja zinalimaliza.

"Mukudandaula?" ndinawafunsa.

"Ndikanalikama chikamire ngati Spencer, likanafa kalekale, ku Phalombe kukanapita njinga yokha." Anasisita batire lija pamwamba. "Koma ndikudandaula, Elson. Usandinamizire kuti sindikudandaula."

Spencer, amene tsopano anali bambo wa ana awiri, anabwera ndi batire lake lachinayi, latsopano, kuti awapatse. A Pilato anakana. M'malo mwake anamukhazika pansi masana onse, kumuphunzitsa za mizere itatu ija, n'kumupatsa kagalasi. Batire limenelo linakhala zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo Spencer ankauza aliyense kuti nzeruzo anazitulukira yekha.

Chaka chotsatira kunali chilala chachikulu chija. Kumwamba kunalibe mtambo ngakhale wa mankhwala, chimanga chinapsa chili chiimire. A Pilato ankatulutsabe mpando wawo, koma anali ataonda, mawu atachepa. Ankayang'ana dzuwa likuswa miyala ya Chambe, n'kupukusa mutu.

"Taona lonseli likungotayika pansi," ankatero. "Popanda poliika."

Anamwalira mu Okutobala chaka chomwecho, masana, ali pampando womwewo. Mayi Sabina ankayesa kuti akuwerenga mitambo, mpaka anakumbukira kuti kulibe mitambo.

Patatha sabata chiikireni maliro, pakhonde la sitolo paja panaima mayi wina ndi kamtsikana, nkhuku ili m'manja. Anali Esteri. Anayenda wapansi kuchokera ku Phalombe, chaka cha njala, ndi nkhuku yake yotsiriza, kufunafuna bambo wa lipenga. Nditamuuza, anakhala pansi pakhonde. Kenaka anati:

"Nkhope yawo sindinaione, maso anga anali otupa. Ndimangodziwa mawu. Kodi anali munthu wotani?"

Ndinamuwolotsa msewu kupita naye kwa mayi Sabina. Spencer anabwera, a Lyson anabwera ndi ndodo yawo, ndipo ife amene tinamuseka munthu uja zaka zonsezo tinakhala pansi pa mango kumufotokozera mlendo. Tinaseka, mayi Sabina n'kumapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Kamtsikanako kanagona pamiyendo pawo.

Lero pa Thuchila sola zili padenga lililonse, ndipo kuseri kwa sitolo iliyonse kuli mulu wa mabatire akufa, ena osakwana n'chaka chomwe. Masipikala amalira mbali zonse kuyambira m'mawa, aliyense nyimbo yake, osapumira. Tsiku la msika mwana akasowa, mayi ake amangothamanga uku ndi uku, pakamwa pali yasa, mawu osamveka. Ine ndimaimitsa makina, n'kupezeka kuti ndaimirira, ndikuyang'ana kutsidya kwa msewu. Pamene panali nyumba ija pano amagulitsapo simenti.